Msika Wokhala ndi Mwini Wake: Zimene Tiphunzira ku Southdale



Pa misonkhano yathu pakhala pakumveka mau akuti chitukuko chenicheni chidzafika kuno tsiku limene pa msika pathu padzaimikidwe chinyumba chachikulu cha masitolo, chonga zija anyamata athu amaziona ku Chichiri mu Blantyre, ku Gateway mu Lilongwe, kapena ku Joni kumene ena anapita kukagwira nchito. Iwo amati m'menemo mvula siigwa, fumbi sililowa, ndipo munthu agula sopo, nsapato ndi mankhwala osatuluka panja. Mau amenewa sitiwanyoza ai, pakuti amai athu amene amagulitsa matimati pansi pa mtengo m'mwezi wa January adziwa bwino kuwawa kwake kwa msika wopanda denga. Koma akulu anati safunsa anadya phula. Chifukwa chake tisanaombe m'manja tiyambe tafunsa: kodi zinyumba zimenezi zinayambira kuti, anazimanga ndani, ndipo zinawachitira chiani anthu a kumeneko?

Yankho lake litifikitsa kutali, ku dziko la America, m'chigawo cha Minnesota, kumene kuli chinyumba chotchedwa Southdale. Ichi ndicho chimene anthu ambiri amachiwerenga kuti ndi mai wa zinyumba zonse za mtundu umenewu, zimene Azungu amazitcha mall, ndiko kuti msika wa masitolo ambiri wotsekedwa pansi pa denga limodzi, wokoka ogula a m'chigawo chonse. Tinene msanga chimene taphunzira m'mbiri yake, kuti wotopa kuwerenga apite nacho. Msika ukhoza kukhala ndi denga lokongola, koma ukakhala ndi mwini mmodzi uleka kukhala bwalo la anthu, ndipo moyo wake wonse ulendewera pa phindu la munthu mmodziyo.

MMISIRI WOTHAWA KWAO

Mmisiri amene anajambula mapulani a Southdale dzina lake ndi Victor Gruen. Iye anabadwa mu 1903 mu mzinda wa Vienna m'dziko la Austria, ndipo anali Myuda, wokondanso ndale zoimira anthu a nchito. Pamene Hitler analanda dziko la Austria mu 1938, Gruen anathawa nakafika ku New York ali ndi ndalama zowerengeka m'thumba, nayamba kudzipezera chakudya pojambula makomo ndi mazenera a masitolo. Koma mtima wake unatsalira ku Vienna, mzinda umene anthu amayenda pansi, nakumana m'mabwalo, nakhala pamodzi kumwa khofi ndi kukambirana za dziko.

Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, anthu ambiri a ku America amene anali ndi kangachepe anayamba kutuluka m'mizinda kukakhala kunja kwake, m'malo amene kale anali minda. Kumeneko munthu wopanda galimoto anavutika kugula ngakhale buledi. Masitolo anangondandalikana m'mbali mwa miseu, ina pano ina uko, ndipo panalibe malo amodzi pamene anansi akanakumana. Kwa Gruen anthu amenewa anali ngati mudzi wopanda bwalo. Tsono iye anaganiza kuti popeza amalonda ndiwo ali ndi ndalama zomangira, bwalolo alimange pakati pa masitolo, kuti malonda alipirire malo okumanirapo anthu. Maganizo ake anali abwino, ndipo tifuna kuti muwakumbukire, pakuti kutsogoloku tiona kumene anakathera.

Mu 1954 iye anamanga msika waukulu wotchedwa Northland pafupi ndi mzinda wa Detroit, koma umenewo njira zake zinali pamtetete. Nthawi yomweyo banja la a Dayton, eni ake a sitolo yaikulu mu mzinda wa Minneapolis, linamuitana kuti liwamangire msika kumwera kwa mzindawo, pa malo otchedwa Edina. Ku Minnesota kumazizira koopsa, chipale chimakuta nthaka miyezi ingapo, ndipo m'nyengo yotentha kumatenthanso ndithu. Masiku otere ogula amakhala m'nyumba zao, malonda naima. Chifukwa chake Gruen anati msika wonse aufolere, naikamo makina otenthetsa ndi oziziritsa mpweya, kuti nyengo ya kunja isalamulirenso malonda.

Southdale inatsegulidwa pa 8 October 1956. Inadya ndalama zokwana madola 20 miliyoni, ndipo inali ndi malo a masitolo 72 m'nsanjika ziwiri. Pansi pake ponse, kuphatikiza nsanjika zonse, panali ngati maekala 18, ndipo kunja kwake anathira phula pa malo oimikapo galimoto 5,200. M'kati mpweya unali pa madigiri 75 a Fahrenheit chaka chonse, wosatentha wosazizira. Pakati pake panali bwalo lalikulu lowala, lokhala ndi mitengo, thamanda la nsomba, chikwere cha mbalame ndi malo omwerapo khofi. Anthu anabwera miyandamiyanda kudzaona chodabwitsacho, ndipo manyuzi a dziko lonse anachitama.

Tsono mvetsani machenjera ake a nyumbayo, pakuti ndi omwewo amene muwaona m'zinyumba zotere kulikonse. M'menemo anaikamo masitolo awiri aakulu opikisana, ya Dayton's ndi ya Donaldson's, ina mbali iyi ina mbali iyo. Wogula wofuna kulinganiza mitengo anayenera kuyenda kuchoka ku ina kupita ku inzake, ndipo poyenda anadutsa pa makomo a masitolo ang'onoang'ono, nagula ndi zimene sanadzere. Makoma a kunja anali osalala opanda zoonetsa malonda, mazenera onse anapenya m'kati. Malo oimika galimoto anawakonza okwera ndi otsika, kuti ena alowere pamwamba ena pansi, sitolo iliyonse ipeze odutsa. Motero masitolo aakulu ndiwo anali nyambo, ndipo ang'onoang'ono analipira lendi kuti adye nao za nyamboyo. Nyambo ikachoka, iwonso agona ndi njala.

ZOLONJEZA NDI ZOCHITIKA

Apa mpamene nkhani iyamba kutikhudza. Chimene Gruen anajambula sichinali msika wokha ai. A Dayton anagula maekala pafupifupi 500, ndipo pa pepala panali nyumba zogonamo anthu, masukulu, chipatala, malo opumulirapo ndi nyanja yaing'ono, kuti munthu akhale, aphunzire, achiritsidwe ndi kugula zonse akuyenda pansi. Msika unali mtima chabe wa mudzi watsopanowo. Koma chimene chinamangidwa poyamba ndi chimene chimabala ndalama. Msika utatsegulidwa mtengo wa nthaka yozungulira unakwera, ndipo eni ake anaigulitsa zigawozigawo napeza phindu lalikulu. Chipatala chinadzamangidwa pafupi mu 1965, inde, koma mudzi woyendamo pansi uja sunaoneke. Chinyumbacho chinangoima pakati pa chigwa cha phula, ndipo wofuna kuchifika anafunika galimoto yomwe ija imene mmisiri wake anaida.

Tisanene kuti a Dayton anali anthu oipa. Iwo anali amalonda, ndipo anachita zimene wamalonda amachita. Cholakwa chinali cha iye amene anayembekeza kuti wamalonda adzamanga bwalo la mudzi ndi sukulu mwa chifundo chake, popanda wina womukakamiza. Lonjezo lojambulidwa pa pepala lokongola, limene silinamangidwe ndi pangano, ndi nyama ya m'maloto.

Nanga chinachititsa nchiani kuti zinyumba zotere zifalikire dziko lonse la America, kufikira kuposa 1,000? Ena aganiza kuti zinangomera zokha chifukwa anthu anazikonda. Si choncho. Dzanja la boma linalipo. Mu 1954 nyumba ya malamulo ya ku America inasintha lamulo la msonkho, nilola kuti womanga nyumba ya malonda awerenge ngati kuti nyumbayo ikutha msanga m'zaka zoyamba, ndi kuchotsa ndalama zimenezo pa phindu loyenera kukhomedwa msonkho. Motero kunapindulitsa kumanga chinyumba chatsopano pa nthaka yotsika mtengo kunja kwa mzinda, kudya chikhululukiro cha msonkho zaka zingapo, kenaka kuchigulitsa ndi kukamanga china. Mu 1956 President Eisenhower anasaina lamulo lomanga miseu ikuluikulu ya mamailosi 41,000, ndipo miseu imeneyo inatunga anthu kuwachotsa pakati pa mizinda kuwatula pa makomo a zinyumbazi. Masitolo akale a pakati pa matauni ambiri, amene eni ake anali anthu a pomwepo, anayamba kufota.

A Dayton omwe anaonjeza zinyumba zina kuzungulira Minneapolis: Brookdale mu 1962, Rosedale mu 1969 ndi Ridgedale mu 1974. Omanga ena anatola kwa Gruen denga, makina a mpweya ndi machenjera a nyambo, nataya sukulu ndi nyumba za anthu. Mkuluyo anabwerera kwao ku Vienna chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1976 chinyumba cha mtundu womwewo chinatsegulidwa kumwera kwa mzinda wake wokondedwa, nichiyamba kupikisana ndi masitolo a m'makwalala amene iye anawalakalaka ali ku America. Mu 1978, polankhula ku London, anakana poyera kuti zinyumba zimenezi si ana ake. Anamwalira mu 1980. Munthu amene anafuna kupatsa anthu bwalo anafa akudandaula ndi chimene manja ake anayambitsa.

ENI ASINTHA, MAINA AFAFANIZIKA

Tiyeni titsate moyo wa Southdale yomwe. Mu 1972 anaikuza naonjezamo sitolo yaikulu yachitatu, ya JCPenney. Mu 1978 kampani ya a Dayton inagulitsa chinyumbacho kwa kampani ya inshuwalansi, ndipo kuyambira pamenepo chinayamba kuyenda m'manja mwa anthu amene sanali a pamalopo, kufikira mu 2007 pamene chinagwera m'manja mwa Simon Property Group, kampani ya ku Indiana yokhala ndi zinyumba zotere zambirimbiri. Dzina la Donaldson's linafafanizika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, malo ake nalowamo ena, nawonso natuluka, ndipo a Mervyn's amene analowamo mu 1995 anachoka mu 2004. Dzina la Dayton's lomwe linachotsedwa pa khoma mu 2001, ndipo mu 2006 sitoloyo inakhala Macy's. Sitolo ya JCPenney inatseka mu 2017.

Chinaizunza nchiani? Choyamba, mnzake wamkulu. Mu 1992, mamailosi owerengeka kuchoka pa Southdale, m'tauni ya Bloomington, anatsegula Mall of America, chinyumba cha masitolo mazanamazana chokhala ndi malo a masewera pakati pake. Monga Southdale inakokera ogula kuwachotsa pakati pa Minneapolis, chatsopanochi chinakokanso ogula a Southdale. Chachiwiri, masitolo otsitsa mitengo oima paokha, onga Walmart ndi Target. Ndipo dabwani, Target anaiyambitsa ndi a Dayton omwewo mu 1962. Chachitatu, malonda a pa intaneti, amene anakula kuyambira zaka za m'ma 1990, pamene munthu aitanitsa katundu ali m'nyumba mwake, namubweretsera pakhomo. Nsomba yaikulu imeza yaing'ono, nayonso ipeza yoimeza.

Southdale sinafe. Inapulumuka chifukwa Edina ndi dera la anthu olemera, ndipo eni ake anaona kuti kuikonzanso kudzawabwezera ndalama. Pa mbali zina za phula lija anamangapo nyumba zogonamo anthu ndi hotela. Mu 2016 ofesi ya boma la dera la Hennepin, kumene anthu amatenga ziphaso zosiyanasiyana, inalowa m'chinyumbacho. Pamene panali JCPenney anamangapo nyumba yolimbitsiramo thupi imene inatsegulidwa mu 2019, ndipo mu 2024 munalowa sitolo ya zakudya. Taonani tsono: zina za zimene Gruen anazijambula mu zaka za m'ma 1950 zinadzabwera patapita zaka 60, osati chifukwa anthu anazifuna, pakuti anazifuna kuyambira kale, koma chifukwa malonda a nsalu ndi nsapato analeka kudzaza nyumba.

Mng'ono wake Brookdale sanaone mwai wotere. Iye anamangidwa kumpoto kwa Minneapolis, ku Brooklyn Center, dera la anthu a nchito wamba. Masitolo aakulu anachokamo imodzi imodzi, ang'onoang'ono nawatsata, ndipo mu 2010 chinyumbacho chinatsekedwa, kenaka mbali yake yaikulu inagwetsedwa. Pa malopo anamangapo Walmart mu 2012, nayonso inatseka mu 2023. Northland ya ku Detroit ija, imene anadzaifolera pambuyo pake, inatsekedwa mu 2015. Zinyumba ziwiri za banja limodzi, china cha kwa olemera chikhala ndi moyo, china cha kwa anthu wamba chisanduka bwinja. Anthu a ku Brooklyn Center sanaleke kufuna sopo ndi zovala. Chimene chinatha ndi phindu lokwanira kukondweretsa eni ake.

BWALO LOSALOLA MAU

Pali chinanso chimene ife a ndale tiyenera kuchisunga mumtima koposa zonse. Gruen anafuna bwalo, koma bwalo ndi malo amene munthu alankhulapo ngakhale mau osakondweretsa akuluakulu. Mu 1968 anthu ena analowa m'chinyumba cha masitolo chotchedwa Lloyd Center mu mzinda wa Portland nayamba kugawa timapepala totsutsa nkhondo ya ku Vietnam. Alonda anawauza kuti aleke, apo ai amangidwa. Mlandu unakwera kufikira ku bwalo lalikulu la milandu la America, ndipo mu 1972 oweruza 5 mwa 9 anagamula kuti chinyumbacho nchamwini, ndipo mwini ali ndi mphamvu yoletsa timapepalato.

Ku Minnesota komweko zinabwerezeka. Mu 1996 anthu otsutsa malonda a zikopa za nyama anaima ndi zikwangwani m'kati mwa Mall of America, nagwidwa. Iwo anati malo amenewa ali ngati mseu wa mzinda, popeza anthu onse amayendamo, ndiponso ndalama za msonkho zinathandiza pa kumanga kwake. Mu 1999 bwalo lalikulu la Minnesota linawakanira, linati chinyumbacho chikhalabe chamwini. Kunena zoona, zigawo zina monga California zinateteza ufulu wolankhula m'malo otere, koma m'zigawo zambiri mau a mwini ndiwo otsiriza.

Tsono lingalirani za msika wathu. Pa tsiku la msika mpamene uthenga wa maliro umafalikira, mpamene mlimi amamva mtengo wa soya ndi nandolo kuti venda asamubere, mpamene a zaumoyo amalengeza za katemera, mpamene nthambi ino imapeza mamembala ake ndi kuitanira msonkhano. Mai wosauka abwera ndi lichero limodzi la masamba, nalipira chiphaso cha tsikulo, nakhala pansi. Mnyamata wopanda tambala abwera kudzacheza, palibe womufunsa chimene wadzagula. Zonsezi zitheka chifukwa malowo si a munthu mmodzi. Tsiku limene adzakhale ndi mpanda, chipata ndi mlonda womvera bwana mmodzi, tidzalowamo ngati alendo, ndipo mlendo sakweza mau pakhomo pa eni.

ZA KWATHU KUNO

Wina adzati, zimenezo nza ku America, kuno nkwina. Inde nkwina. Ife tilibe galimoto 5,200 zoti tiimike, ndipo palibe amene adzamange Southdale pakati pa minda yathu ya chimanga. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe, ndipo khalidwe la ndalama ndi limodzi kulikonse. Akuluakulu a m'nthambi muno akumbukira kuti m'zaka za m'ma 1970 boma linalamula amalonda a Chimwenye kuchoka m'midzi kupita m'matauni aakulu, ndipo m'malo ambiri a malonda mizere ya masitolo inatsala yopanda kanthu, ina nigwa madenga. Akumbukiranso masitolo a PTC amene anali m'maboma ambiri, ndi m'mene anatsekekera kufikira kampaniyo inagwa mu 2022. Ndipo Shoprite, imene inali nyambo ya ku Chichiri ndi ya ku Gateway, inalengeza mu 2025 kuti ikugulitsa masitolo ake a m'Malawi. Zifukwa zake nzosiyanasiyana, koma phunziro ndi limodzi: malonda a dera lonse akapachikidwa pa msomali umodzi, msomaliwo ukazuka zonse zigwa pamodzi. M'nthawi zonsezo amene sanachoke ndi amai a pansi pa mtengo aja.

Winanso adzati, kodi a nthambi mukukana chitukuko? Kodi ana athu sadzapezamo nchito? Tiyankhe mosabisa. Denga tilifuna. Zimbudzi, madzi a pa mpope, simenti pansi, magetsi ndi nyumba yosungiramo katundu usiku, zonsezi tizifuna, ndipo tachedwa nazo. Munthu wa ndalama wofuna kumanga sitolo yaikulu pafupi ndi msika sitimuthamangitsa, pakuti adzatifupikitsira ulendo wa ku tauni, ndipo ana ena adzalembedwadi nchito. Koma powerenga nchito zobwera tiwerengenso nchito zochoka, za eni magolosale, atelala ndi ogulitsa m'mabenchi amene malonda ao adzamezedwa. Ndipo sitolo ikhale mlendo wa msika, msika usasanduke mlendo wa sitolo. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Munthu wanzeru sataya nkhuyu, koma amayamba waing'amba asanaiponye m'kamwa.

Chifukwa chake, tsiku limene munthu aliyense, kaya wa kampani kaya wa khonsolo, adzabwere ndi mapepala ojambula zokongola pa malo a msika wathu, ife tipempha kuti nthambi ino idzaime pa mfundo izi.

Choyamba, nthaka ya msika isagulitsidwe. Ngati mbali ina ibwerekedwa, pakhale pangano lolembedwa la zaka zodziwika, lowerengedwa pamaso pa mafumu ndi anthu m'chinenero chathu. Malamulo a malo a 2016 anakhazikitsa makomiti oyang'anira malo a makolo m'midzi, ndipo tiyenera kudziwa amene akhala m'makomiti amenewo ndi kuwafunsa zimene asaina.

Chachiwiri, zolonjezedwa kwa anthu, kaya zimbudzi, kaya mashedi a ogulitsa ang'onoang'ono, kaya mjigo, zimangidwe poyamba kapena pamodzi ndi masitolo, osati pambuyo. Ku Southdale zoyamba zinali zobala ndalama, ndipo zotsalazo zinadikira zaka 60.

Chachitatu, wogulitsa wa lichero limodzi akhale ndi malo ake m'kati, pa mtengo wa chiphaso umene angathe, ndipo mtengowo usakwere popanda komiti ya msika kumva. Msika wokongola umene amai athu agulitsira kunja kwa mpanda wake suli wathu.

Chachinai, pasiyidwe bwalo losatsekedwa, limene munthu aliyense, mpingo uliwonse ndi chipani chilichonse, ngakhale chotsutsana nafe, chingalankhulepo motsata malamulo a dziko, osapempha chilolezo kwa mwini sitolo. Ufulu umene tiufuna ife tiufunirenso anzathu, pakuti mlonda amene atseka pakamwa pa mnzako lero adzatseka pako mawa.

Chachisanu, pangano linene chimene chidzachitike mwiniyo akadzachoka: nyumbayo idzakhala ya yani, ndipo adzaikonza kapena kuigwetsa ndani. Anthu a ku Brooklyn Center anaona chinyumba chao chikufa pang'onopang'ono pakati pa tauni yao, alibe mphamvu pa icho.

Ndipo tisangodikira mlendo. Khonsolo imatolera ndalama za ziphaso pa msika wathu tsiku lililonse la msika. Tifunse makhansala athu kuti pa chaka zimakwana zingati, ndipo ndi zingati zimene zimabwerera kudzakonza msika womwewo. Lamulo la makopaletivi liripo, ndipo palibe choletsa ogulitsa ndi alimi kusonkha pamodzi ndi kumanga shedi yao ya malata, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu yambiri ikalisenza palibe mmodzi amene anganyamuke nalo usiku. Shedi yotere sidzakhala ndi thamanda la nsomba kapena makina oziziritsa mpweya, ndipo manyuzi sadzaijambula. Koma chaka cha njala, pamene phindu lichepa, eni ake sadzathawa, pakuti alibe kwina kopita, manda a makolo ao ali pomwepa.

Tipempha membala aliyense kuti pa tsiku la msika likudzali ayende ndi maso otsegula. Awerenge anthu ogulitsa pansi ndi ogulitsa m'mabenchi, afunse ndalama zimene alipira pa chiphaso, aone kumene amathawira mvula ikagwa, ndipo amve kwa mafumu malire enieni a malo a msika. Zimenezi mubwere nazo ku msonkhano wa nthambi, tidzazilembe m'buku, kuti tsiku lokambirana ndi akuluakulu tidzalankhule ndi ziwerengero m'manja. Amene adziwa kuwerenga awawerengere kalata ino anzao amene maso ao sathanso, makamaka amai a pa msika, pakuti nkhaniyi ndi yao koposa.

Victor Gruen anafunira anthu bwalo, koma analisiya m'manja mwa ena kuti alisunge, ndipo anamwalira akulikana. Ife bwalo tili nalo kale, lafumbi ndi lamatope, losiyidwa ndi makolo. Tilifolere, tilikonze, koma makiyi ake akhale ndi ife.

Ife anu pa nchito ya nthambi,
MLEMBI WA NTHAMBI